Dzanja Lofiira la m'Phanga

Nesi anaukonza ulendowu ngati mmene amakonzera thireyi ya jakisoni, chilichonse pamalo pake. Opita anali atatu basi: iye, azakhali ake amene anamulera, ndi Mzime, mwana wotsiriza wa azakhaliwo. Akwere basi ya m'mamawa, akafike kudera lamapiri dzuwa lisanatenthe, akaone ng'anjo zakale, phanga la zojambula zamakedzana ndi mathithi. Wowatsogolera akakhale Kalondolondo, mnyamata amene Nesi anali naye pachibwenzi chakabisira kwa chaka chathunthu.

Nzeru yake inali yakuti azakhali akamuone kaye mnyamatayo ali pantchito, akamukonde asanadziwe kuti ndi ndani. Akanangoyamba ndi mawu akuti "ndapeza mwamuna, ntchito yake ndi yoyendetsa alendo m'mapiri," azakhali akanafunsa kuti nanga ntchito yeniyeni adzayamba liti. Ndipo Nesi, ngakhale ankabaya anthu akuluakulu osaphethira, sakanakwatiwa popanda mawu a azakhali. Makolo ake anamusiya ali wamng'ono, ndipo mayi yekha amene ankamudziwa anali ameneyu.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Akutseka chikwama, pageti panalira hutala.

"Ndi a Malata amenewo," anatero azakhali uku akumanga mpango pagalasi. "Ndawapempha atiperekeze. Basi yachani galimoto ilipo?"

A Malata anali ndi sitolo ya malata ndi simenti pafupi ndi msika. Anali munthu wofatsa, wa kamimba kongoyamba kumene, ndipo chiyambireni kumuyang'ana Nesi, denga la azakhali linasiya kudontha. Munthu wotero umamukana bwanji?

"Azakhali, tinagwirizana kuti ndi ulendo wa ife atatu."

"Galimoto ili ndi mipando ingati? Tiye, iwe ukhala kutsogolo. Ine kutsogolo ndimachita chizungulire."

Chizungulire chimenechi Nesi anali asanachimvepo. Anakhala kutsogolo, nabisa foni pansi pa chikwama, nalembera Kalondolondo uthenga.

"Tikubwera anayi. Azakhali aitana a Malata."

Yankho silinachedwe. "Mlendo ndi mlendo, ndiwalandira. Koma kumbukira kuti sundidziwa."

"Ndinakuuza zimenezo ndine."

"Ndiye usadzandiyang'ane ndi maso aja."

Nesi anatsala pang'ono kumwetulira, koma a Malata anali atayamba kale kufotokoza za nyumba yawo yatsopano. Zipinda zonse zinatha, khitchini yokha ndiyo anaisiya dala yosapenta kuti mwini wake adzasankhe yekha mtundu. Kumbuyo Mzime anatsokomola chifuwa chabodza.

* * *

Kalondolondo anawapeza akutsika galimoto patsinde pa phiri. Anavula chipewa, nawapatsa moni azakhali ndi manja awiri, kenako a Malata, kenako Mzime. Atafika pa Nesi anangoti, "Takulandirani, mayi," maso ake ali pa nsapato za a Malata.

"Bambo, nsapatozi zikuvutani pamiyala. Tili ndi zobwereketsa."

Nesi anamupempha yekha kuti anamizire kusamudziwa, koma sanayembekezere kuti munthuyo angakhoze chonchi.

Anayambira m'kanyumba kosungiramo zinthu zakale. Munali mbiya zosweka, makasu osula pamanja, mikanda ndi mivi yodyeka ndi dzimbiri. Kalondolondo sanathamangire kufotokoza. Ananyamula kachitsulo kena kopindika, nawafunsa azakhali ngati anakaonapo.

"Aaa, kameneka! Agogo anga anali nako, ankazokotera zipande."

"Ndiye fotokozani ndinu amayi, ife timve. Ine ndinangowerenga, inu munaona."

Azakhali anafotokoza mpaka za mbuzi ya agogo awo imene sinkakhudzana ndi kachitsuloko. Potuluka, mnyamatayo anawapatsa ndodo yake, nayenda pambali pawo pang'onopang'ono, ndipo akaona kuti mpweya wawathera ankaima ngati waima dala kuti aonetse mtengo kapena mbalame. Anawaonetsa ng'anjo zadothi mmene makolo ankasungunuliramo chitsulo, ndi mpanda wamiyala umene anthu ankabisalamo nthawi ya nkhondo. Azakhali ankangoti "eya, mwanangu, eya."

Mtima wa Nesi unayamba kukhazikika. Zinali kuyenda.

"Msuweni," Mzime anamunong'oneza akumukoka bulauzi, "wamuona mnyamatayu? Akuyenda ngati phirili ndi la bambo ake."

"Yang'ana njira, ungagwe."

"Ndikagwa andidzutsa."

A Malata anali mbali inayo, thukuta lili kamukamu, koma osadandaula. Dzanja limodzi ananyamula botolo la madzi la Nesi, linalo anamufunditsa ambulera. Nesi akafulumira, ambulera inkafulumira. Akaima, inkaima. Pamalo ena oterera Kalondolondo anacheuka, nayang'ana ambulerayo kanthawi.

"Bambo, muwagwire bwino mayiwo. Apa n'poterera."

Ndipo a Malata anamugwiradi. Nesi analakalaka atatola mwala.

* * *

Phanga linali lozizira, lonunkha mileme. Pakhoma lake panali nyama zofiira za miyendo yaitali, timizere ndi timadontho, ndipo pakona, pofika m'phewa la munthu, panali dzanja laling'ono lofiira, zala zake zotambasuka.

Nesi ataliona dzanjalo, mkwiyo wonse unasungunuka. Apa ndi pamene zinayambira. Chaka chatha anabwera kuno ndi anzake akuchipatala, ndipo pakati pa gulu lonselo Kalondolondo anasankha iyeyo. Anamugwira pamkono, nakweza dzanja lake kufupi ndi lofiiralo, nanena mawu amene Nesi anawasunga mumtima chaka chonse. Pa mashifiti otopetsa, odwala akumukalipira, ankawabwereza yekha mawuwo. Anali ake, a iye yekha.

"Akatswiri amati zojambulazi n'zakale kwambiri kuposa nkhondo zija," Kalondolondo anayamba, "koma anthu akuno ali ndi nkhani yawo. Akuti mtsikana wina anabisala muno, bwenzi lake wosula zitsulo atatsika kukaona ngati adani apita. Anadikira, anadikira. Abale ake atamukakamiza kuti athawe, anasiya dzanja lake apa kuti mnyamatayo akadzabwera adzadziwe kuti anamudikira. Akuti mwini dzanjali adzabweranso."

Mzime anali atasendera pafupi, kukamwa kuli yasa, chala chikupita kukhoma. Kalondolondo anamugwira pamkono mofatsa, nakweza dzanja lake, naliimika pafupi ndi lofiira lija osalikhudzitsa.

Nesi anakazindikira kagwiridwe kameneko.

"Taonani," anatero mnyamatayo, mawu atatsika ngati mmene anatsikira tsiku lija. "Ntchitoyi ndaigwira nthawi yaitali, manja ndaona ambiri, koma lokwana chonchi..."

"...sindinalionepo. Mwina mwini wake wabwera lero."

Amene anamaliza anali Nesi. Mawuwo anatuluka okha, ouma gwa, ndipo phanga linawabweza kuti aliyense amve bwino.

Mzime anaseka pang'ono n'kusiya. Azakhali anatembenuka ndi ndodo yomwe.

"Iwe wadziwa bwanji zimene amati anene?"

"Ndinabwerako kuno chaka chatha, ndi anzanga akuntchito."

"Chaka chatha unati mukupita kumaphunziro."

"Inali mbali ya maphunzirowo."

"Maphunziro a unesi m'phanga? Chabwino. Ndiye mnyamatayu ukumudziwa?"

Khomo linali litatseguka lokha. Akanangoti inde, azakhali, ndikumudziwa, ndipo n'chifukwa chake ndakubweretsani. Koma atayang'ana, dzanja la Kalondolondo linali likadali pamkono wa Mzime, ndipo Mzime sankaoneka ngati akufuna kulichotsa.

"Kudziwana kwa moni basi," anatero Nesi. "Anthu a ntchito iyi amadziwana ndi aliyense."

"Nanga bwanji simunapatsane moni wa anthu odziwana kumusi kuja?"

Kalondolondo anausiya mkono uja. "Alendo ndi ambiri, amayi. Nkhope zimasokonekera."

Ananena zimenezi pomuteteza, Nesi anadziwa. Koma zinamupweteka kuposa mbama.

* * *

Kumathithi aliyense anapeza chochita. Azakhali anakhala pamthunzi navula nsapato, Mzime anawapatsa a Malata foni kuti amujambule, ndipo Kalondolondo anazungulira kuseri kwa thanthwe kukaona ngati njira yotsikira ili bwino. Nesi anamutsatira. Phokoso la madzi linali lokwanira kubisa mkangano.

"Ndi angati?"

"Angati chiyani?"

"Usandipusitse. Ndi akazi angati amene dzanja lija linawakwana?"

Kalondolondo anavula chipewa, nakanda m'mutu. "Gulu lililonse limakhala ndi mmodzi. Nthawi zina ndi agogo, nthawi zina mwana wasukulu. Mwezi watha linawakwana abusa ena ake, aamuna."

"Ukuseka?"

"Sindikuseka. Tamvera. Thukuta la m'manja limafufuta utoto uja. Ukamuuza mlendo kuti osagwira, amakwiya, ena amagwira dala ukatembenuka. Ndiye ndimayang'ana amene watsala pang'ono kugwira, ndimamugwira mkono, n'kumuuza nkhani. Iye amaseka, khoma limapulumuka. Anandiphunzitsa choncho amene ndinawapeza pantchitoyi."



"Ndiye ine unandisankha chifukwa ndinkaoneka wogwiragwira?"

"Unali utatambasula kale dzanja."

"Mayo ine! Chaka chonse ndakhala ndikudzitama mumtima kuti pagulu lonse lija anaona ine, kani unkateteza khoma!"

"Pamenepo ndinkateteza khoma, inde. Koma amene ndinamuthamangira mpaka pabasi kukapempha nambala ndi mmodzi yekha. Abusa aja sindinawapemphe."

"Ukanandiuza."

"Sindinkadziwa kuti unawasunga mawu amenewo. Ndakuuza mawu ambirimbiri chaka chino, anga enieni, ochokera pansi pa mtima. Iwe unasunga a pantchito?"

Funso limeneli linamukwiyitsa Nesi kwambiri.

"Nanga lero, ine ndili pomwepo, sukanasiya?"

"Msuweni wako chala chinatsala pang'ono kufika pakhoma. Ndipo unandiuza wekha kuti ndigwire ntchito ngati mmene ndimagwirira masiku onse." Anavalanso chipewa, nkhope itasintha. "Tsono nawenso undimvere. Chaka chonse ndakhala wobisika ngati katundu wakuba. Lero ndakwera phiri ndikuonerera mwamuna wina akukufunditsa ambulera, ine n'kumamuuza kuti akugwire bwino. Ndapirira. Azakhali ako afunsa okha, pakamwa pawo, ngati ukundidziwa. Iwe wati chiyani?"

"Ndinali nditakwiya."

"Wati moni basi."

"Ndati ndinali nditakwiya!"

"Chabwino. Mkwiyo watha? Tiye pompano. Ali apo pamthunzi. Ndikagwada, ndikanena ndekha."

Nesi anasuzumira kuseri kwa thanthwe. Azakhali anali kuseka, a Malata akuwapatsa madzi.

"Osati pano. A Malata atinyamula pagalimoto yawo, sindingawachititse manyazi kutchire kuno. Azakhali sangandikhululukire. Dikira tikafike kunyumba, ndikapeze nthawi yabwino."

"Nthawi yabwino," anatero Kalondolondo. "Uja wa m'phanga anadikira mpaka anasanduka nkhani ya alendo."

Anadutsa pambali pake osamukhudza, nakweza mawu a pantchito aja, osalala ngati sanakanganepo ndi munthu. "Amayi, tiyeni tizitsika dzuwa lisanapendeke. Gwirani mkono wangawu."

* * *

Potsika, Nesi anatsalira kumbuyo ndi ambulera yake ya miyendo iwiri. Kutsogolo azakhali anakolowekana mkono ndi Kalondolondo, akucheza ngati anadziwana kalekale, Mzime ali mbali inayo atavala chipewa cha mnyamatayo. Anachitenga liti, Nesi sanaone.

"Mwakhala chete, a Nesi," anatero a Malata. "Mutu?"

"Eya, mutu."

"Ndili ndi mankhwala m'galimoto. Komatu kupatsa nesi mankhwala kuli ngati kugulitsa malata kwa ine." Anaseka okha. Analidi munthu wabwino, ndipo zimenezo zinkangowonjezera mavuto.

Nesi anatulutsa foni, nalembera Kalondolondo kuti "Pepa." Anaona Kalondolondo akugwira thumba foni itanjenjemera, koma sanaitulutse. Ali ndi alendo sayankha foni, Nesi ankadziwa. Lero lamulo limenelo linamunyansa.

* * *

Pamalo ogona alendo, dzuwa likadali, azakhali anakhala pakhonde mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. A Malata anapita kukayang'ana matayala a galimoto. Mzime anati akukabweza chipewa, ndipo kubweza kwake kunatenga nthawi.

"Bwera undisisite mapaziwa," anatero azakhali.

Nesi anagwada, nayamba kusisita. Azakhali anamuyang'ana pamutu kwa kanthawi.

"Ndikufunsa kamodzi, ndipo undiyankhe zoona. Pali chilichonse pakati pa iwe ndi mnyamata uja?"

"Bwanji mukufunsa choncho, azakhali?"

"Chifukwa sindinabadwe dzulo. Mawu aja m'phanga sanatuluke bwino. Tsono tamvera. Ngati wandikweza phiri ndi mawondo angawa kuti undiseweretse ngati chidole, ine n'kumaseka ndi munthu osadziwa kuti mwandipangira chiwembu, pamaso pa a Malata amene ndawaitana ndekha, ndiye kuti ine si mayi ako. Ukapeze wina wokuimira paukwati. Ndinakulera kuti uzindiuza zinthu pamaso, osati kunditchera misampha."

Nesi anasiya kusisita. Mawu oona anafika pakhosi, nakumana ndi nkhope ya azakhali, nabwerera.

"Palibe, azakhali."

"Palibe?"

"Palibe chilichonse. Ndinangotopa ndi dzuwa."

Azakhali anapuma mpweya wautali, nkhope yonse n'kumasuka.

"Wandichotsa minga pamtima, mwanangu. Chifukwa mnyamata uja ndamukonda."

Nesi anadzutsa mutu.

"Ndamukonda zedi. Anyamata a masiku ano ndani angayende pang'onopang'ono chifukwa cha nkhalamba? Waona mmene amandidikirira, osandichititsa manyazi? Samwa, ali ndi kamunda kake ka zipatso, akumanga nyumba. Ndamufunsa zonse potsika paja. Ine kale ndinkati ntchito yoyenda m'mapiri si ntchito, koma lero ndaona ndi maso anga. Munthu uja akhoza kusunga mwana wa munthu."

Misozi inalengeza m'maso mwa Nesi. Mawu amene anawalota miyezi yonseyi ndi amenewa, ndipo anabwera atangotseka yekha chitseko. Komabe mwina mpata unalipo. Akanagwira mapazi omwewa, n'kupepesa, n'kuulula.

"Azakhali, ine..."

"Ndamufunsanso ngati ali ndi mkazi. Akuti ayi. Ndati nanga chibwenzi? Wangoseka, akuti palibe amene anamutchulapo pagulu. Ndiye ndati basi, Mulungu wandiyankha. Mzime wanga uja wandivutitsa mokwanira ndi anyamata ake a mahedifoni."

"Mzime?"

"Nanga ndani? Sunaone m'phanga muja? Mwana wanga wabwera kwa ine maso akuwala, akuti amayi, munthu uja akuti dzanja longa langa sanalionepo."

"Azakhali, mawu amenewo amauza aliyense! Ndi a pantchito. Ngakhale agogo, ngakhale abusa!"

"Mawu ndi a aliyense, koma kagwiridwe kaja si ka aliyense. Ine ndinakwatiwapo, ndimadziwa. Ndipo iwe zikukukhudza chiyani? Iwe uli ndi a Malata ako, khitchini ikukudikira. Usachite nsanje ndi mwayi wa mng'ono wako."

Nesi anafinya phazi mpaka azakhali anati "asa, pang'onopang'ono!"

"Tsono ine sindingayambe ndine, ndi zamanyazi, ngati ndikutsatsa mwana. Mzime nayenso angaoneke wotchipa. Koma iwe poti umadziwana naye kale, ndiwe woyenera. Ukamuuze kuti Lamlungu likubwerali adzadye nafe kunyumba. A Malata ndawaitana kale. Ndikufuna ndione ana anga onse awiri atakhala patebulo, aliyense ndi mnzake pambali. Ukamuuzenso za Mzime, umuyamikire bwino, kuti amaphika, ndi waukhondo. Zakuti amadzuka mochedwa usanene."

Pabwalo panamveka kuseka. Mzime ankabwera akudumphadumpha, ndipo pambuyo pake, mwaulemu, manja ali kumbuyo, pankabwera Kalondolondo kudzatsazika alendo ake.

"Uyo wabwera yekha," azakhali ananong'ona, akumugunda Nesi ndi phazi lonyowa. "Dzuka." Kenako anaitana mnyamatayo mokweza: "Mwanangu, tabwera kuno! Mlongo wakoyu ali ndi uthenga wako wochokera kwa ine."

Kalondolondo anaima pansi pa masitepe. Kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo anamuyang'ana Nesi m'maso, ndipo Nesi anaona chiyembekezo chikubwerera pankhope pake. Munthuyo ankaganiza kuti waulula.

Nesi anaimirira, madzi akudontha m'zala.

"Lankhulatu," anatero azakhali. "Wangoti duu bwanji? Si iwe wati palibe?"